Kodi Mulungu amakhala kuphiri kokha?

Ana a Sande sukulu ali ndi funso limene limasowetsa mtendere aphunzitsi awo: "Kodi Mulungu amakhala kuti?" Mphunzitsi wina amaloza chala kumwamba, wina amati ali ponseponse, anawo nkuvomera mokweza, kenaka nkuthamangira kokasewera. Koma funsoli silithera pomwepo ayi. Limakula nafe, ndipo akuluakulufe timaliyankha ndi mapazi. Kumene munthu amathamangira zinthu zikamuthina, kumeneko ndiye kumene amakhulupirira kuti Mulungu amakhalako.

Tsono tayang'anani mapazi athu kuno ku Msongwe ndi m'madera ena a mzinda wa Mzuzu. Lachisanu madzulo mudzaona amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, Baibulo lili m'khwapa, ulendo wa ku mapemphero ochezera usiku wonse. Ena amasala kudya masiku atatu nkukabindikira kutchire kapena paphiri. Ena amasonkha ndalama ya minibasi kulondola mneneri amene amumva pa wailesi, nkubwerako ndi kabotolo ka madzi kapena mafuta. Amene adakhalako ku Lilongwe amasimba za phiri la Bunda, kumene anthu amakwera usana ndi usiku kukafuula kwa Chauta.

Sindikunyoza aliyense. Mayi amene mwana wake akudwala osachira, kapena mnyamata amene wazungulira maofesi ndi makalata ofunsira ntchito mpaka nsapato kuperepeseka, sitingamuseke akapita kulikonse kumene wamva kuti kuli thandizo. Yesu mwini wake ankakwera phiri kukapemphera. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ganizo limene labisala kunsi kwa maulendo amenewa, loti Mulungu ali kwina, ndipo pakhomo pathu, pamsika, kudimba ndi pamsewu mpongodikirirapo Lamulungu. Ganizo limeneli likamera mizu, moyo umang'ambika pawiri. Pa sabata pali maola 168. Tinene kuti munthu wakhama amathera maola 10 kutchalitchi ndi kumapemphero. Nanga 158 otsalawo ngayani?

Yankho lake tikuliona ndi maso. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 77 ndi Akhristu. Misonkhano yathu, kaya nja boma, kaya nja komiti ya sukulu, kaya nja banki m'khonde, timaitsegula ndi pemphero nkuitsekanso ndi pemphero. Komatu m'dziko lopemphera lomweli ndi momwe mu 2013 mudaphulika nkhani ya Cashgate, mabiliyoni a makwacha atasololedwa ku thumba la boma odwala akusowa mankhwala m'zipatala. Ndipo tisathamangire kuloza ku Capital Hill kokha. Ndowa yoyezera chimanga yofinyidwa kunsi, sikelo yogulira mbewu yokhotetsedwa, simenti yochepetsedwa pomanga nyumba ya mayi wamasiye, zonsezi zimachitika Lolemba, ndi manja omwe aja adakwezedwa m'mwamba dzulo lake. Wochita izi sakana Mulungu. Amangokhulupirira kuti adamusiya kutchalitchi, ndipo akamupeza komweko sabata yamawa.

Zoti Mulungu ali ndi malo akeake sizidabwere ndi amishoni. Mvula ikakana, Achewa akale ankapita ku Msinja kwa Makewana, a kuchigwa cha Shire ankapita ku Khulubvi kwa Mbona, Atumbuka ankatchula Chikang'ombe molozera kuphiri, ndipo phiri la Bunda lomwe lija lidali malo opempherera mvula Baibulo lisanafike. Koma makolo omwewo sankadikira chilala kuti akumbukire Mwini zonse. Ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo kuseri kwa mudzi. Maina amene adampatsa adawatola ku zinthu zimene mlimi aliyense amaziona ali kumunda: Mphambe wa mabingu ndi ziphaliwali, Chauta kapena Chiuta amene ambiri amamulumikiza ndi uta wa m'mitambo, Namalenga mwini nthaka ndi zomera zake. Kachisi adalipo, inde, koma moyo wonse udali pamaso pa Iye.

Mukatsegula Baibulo nkhani yake ndi yomweyo, mwinanso kuposa. Mose adaona chitsamba choyaka ali kubusa, akuweta nkhosa za apongozi ake. Phiri lidalipo, koma chidamufikitsa kumeneko ndi msipu. Gideoni adaitanidwa akupuntha tirigu mobisalira adani. Yakobo, pothawa mkwiyo wa mbale wake, adagona patchire atatsamira mwala, nkudzuka atazindikira kuti malo adawayesa opanda mwini aja adali ndi Mwini. Ana a Zebedayo adawapeza akusoka makoka, monga mmene mungawapezere asodzi ku Nkhata Bay kapena ku Usisya dzuwa likakwera. Ndipo mayi wa ku Samariya uja, amene adakumana ndi Yesu pachitsime atapita kokatunga madzi, ndiye adafunsa funso lathu lenilenili: kodi malo oyenera kupembedzerapo ndi phiri la makolo ake kapena Yerusalemu? Yankho limene adalandira lidachotsa nkhaniyo pa malo nkuiika mumtima ndi m'choonadi.

Pali chinthu china chimene timachilumpha powerenga. Yesu adayamba ntchito yolalika ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo adaigwira zaka ngati zitatu zokha. Zambiri mwa zinazo adazithera ku Nazarete, kamudzi konyozeka, pantchito ya ukalipentala. Ngati chikhulupiriro chathu nchoona, ndiye kuti Mulungu adakhala nthawi yaitali akupala matabwa kuposa imene adakhala akuchita zozizwitsa. Tsono ife ndife yani kuti tizinyoza fumbi la pantchito ngati chinthu chotilekanitsa ndi Iye?

Munthu amene adamvetsa bwino zimenezi sadali bishopu kapena mphunzitsi wa zaumulungu. Adali wophika. Dzina lake lobadwa nalo ndi Nicolas Herman, wa ku Lorraine m'dziko limene lero ndi France, koma amadziwika kuti Brother Lawrence. Ali mnyamata adamenya nawo nkhondo nkuvulala, ndipo adakhala wotsimphina moyo wake wonse. Kenaka adalowa m'nyumba ya chipani cha Akarimeli ku Paris ngati bulazala wamba, osati wansembe. Adamuika kukhitchini, ntchito imene mwachibadwa sankaikonda, ndipo adaigwira zaka zambiri mpaka mwendo utamukanika adamusamutsira kosoka nsapato. Adamwalira mu 1691. Anzake adasonkhanitsa makalata ake ndi zimene ankayankhula, ndipo kabuku kameneko kakuwerengedwabe lero ndi Akatolika ndi Apulotesitanti omwe.

Njira yake idali yosavuta kuifotokoza ngakhale njovuta kuitsata. Ankati asanayambe ntchito aipereke kwa Mulungu, ali mkati mwa ntchitoyo azimuyankhula mwachidule ngati mnzake amene waima pambali, ndipo maganizo akasochera awabweze mofatsa popanda kudzizunza. Patapita zaka, phokoso la miphika ndi anthu oitanitsa zinthu uku ndi uku silinkamuchotseranso mtendere umene ankaupeza atagwada m'tchalitchi. Sadachoke kukhitchini kuti akapeze Mulungu. Adakhala momwemo mpaka maso ake adazolowera kumuona.

Apa mpamene pagona nkhani. Ambirife tidaphunzira pemphero ngati kalata yopita kwa bwana wamkulu wa kulikulu. Timalemba madandaulo, timakweza mawu kuti amve, ndipo yankho likachedwa timasaka munthu wodziwana ndi bwanayo kuti atikankhireko fayilo, ngakhale zitafunika kumupatsa kangachepe. Mneneri amasanduka mesenjala wa paofesi. Uyu akalephera timapita kwa wina, nkuiwala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Kupempha sikulakwa ayi. Pemphero limene Ambuye adaphunzitsa lili ndi pempho la chakudya cha tsiku. Koma ngati Mulungu ali kale pamene tili, ntchito yoyamba ya pemphero si kumuitana kuti abwere. Ndi kudzutsa ife kuti tizindikire kuti alipo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono ili nawo maso nthawi zonse, wosowa ndi munthu wodikira.

Kodi kudekha kumeneku kumaoneka bwanji ku Msongwe? Titenge mmawa wa mwezi wa Juni, nkhungu itakuta nkhalango ya Kaning'ina, chisanu chikuluma zala. Mayi ali pamzere wa pampopi, madzi akutuluka modontha, kunyumba ana akudikira phala kuti apite kusukulu. Alibe mpata wogwada. Koma mumtima angathe kunena mawu awiri atatu: Ambuye, muli pano, tsikuli ndi lanu. Mawu amenewa sathamangitsa madzi. Chimene amachita nkuti mayi uja akatembenuka amaona gogo amene ali kumbuyo kwake, amene dzulo sadamuone ngakhale adali pomwepo, ndipo amamusenzetsa ndowa. Wina akalowerera mzere, mawu amene adafika kale pa lilime amabwerera.

Titengenso mnyamata wa njinga yakabaza, zimene kuno ku Mzuzu tidazipatsa dzina loti sacramento. Alendo amaseka akamva dzinali poti limamveka ngati sakramenti la kutchalitchi. Komatu paja pa katekisimu adatiphunzitsa kuti sakramenti ndi chizindikiro chooneka cha chisomo chosaoneka. Mnyamata akapalasa chitunda ndi wodwala kumbuyo, thukuta lili kamukamu, nkukafika pachipatala osakweza mtengo ngakhale akuona kuti anthuwo sangakane poti athedwa nzeru, kodi pamenepo sipadaoneke kanthu kosaoneka? Iyeyo mwina sangazitchule choncho. Koma ngati adayamba tsiku ndi pemphero, nkulola pempherolo kukwera naye njinga, wachita zimene Brother Lawrence ankachita ndi miphika.

Madzulo nawo ali ndi pemphero lake. Ignatius wa ku Loyola, amene chipani chake cha Ajezwiti chidavomerezedwa mu 1540, adaphunzitsa anthu ake kupatula mphindi zochepa tsiku lililonse kuti aliyendenso tsikulo m'maganizo: kuthokoza pa zabwino, kuona ora ndi ora pamene mtima udapsa kapena kufewa, kupepesa, ndi kukonzekera mawa. Izi sizifuna ndalama ya minibasi. Zimatheka pamphasa, magetsi atazima, ana atagona. Munthu akamachita izi miyezi ingapo amayamba kudabwa kuti Mulungu adamudutsa kangati tsiku limodzi: mwa mnzake amene adamubwereka mchere, mwa mwana amene adamufunsa funso lovuta, mwa manyazi amene adamugwira atanama.

Kuno kumpoto tili ndi chitsanzo chathuchathu cha mmene zinthu za tsiku ndi tsiku zimalowera m'pemphero. Donald Fraser, mmishoni wa Livingstonia amene adagwira ntchito pakati pa Angoni ku Ekwendeni ndi ku Loudon, komwe ndi ku Embangweni, adalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a kwawo. Anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula adatenga mayendedwe a nyimbo zimene anthu ankaimba kale m'midzi nkuwaveka mawu a chikhulupiriro, ndipo zambiri zili m'buku la Sumu za Ukhristu. Nchifukwa chake mayi wa Umanyano amatha kuimba sumu akusinja, akuchapa kapena akutonthoza mwana, osamva kuti wabwereka mawu a mlendo.

Tsono pali anthu oganiza bwino amene amatsutsa zonsezi, ndipo tiyenera kuwamvera. Iwo amati: kuuza mmphawi kuti apeze Mulungu pamzere wa madzi nkumugoneka tulo. M'malo mofunsa chifukwa chake madzi akudontha, aziti zikomo Ambuye. Ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo nkukwera ngati utsi, ndiye inu mukuti tidekhe? Mfundo imeneyi ili ndi mano. Alipo alaliki amene agwiritsa ntchito dzina la Mulungu kutseka anthu pakamwa, ndipo alipo olemba ntchito amene amakonda wantchito wopemphera chifukwa safunsa za malipiro.

Koma mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti pemphero loyang'anitsitsa moyo wa tsiku ndi tsiku ndi limene olamulira ankaliopa kwambiri. M'zaka za m'ma 1970, Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe adalimbikitsa miphakati, timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba tokumana pakhomo pa mmodzi wa iwo kuwerenga Mawu ndi kukambirana za moyo wawo. Boma la chipani chimodzi lidamukayikira mpaka adachoka m'dziko muno nkukakhala kunja zaka zambiri. Lidaopa chiyani? Anthu akakhala pansi pamaso pa Mulungu nkuyamba kutchula zimene akuona, amafika potchulanso zimene adaletsedwa kutchula.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya mabishopu, yosindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Mudalibe masomphenya kapena ulosi wa zakutsogolo. Mudali zinthu zimene mayi aliyense wa pamsika ankazidziwa: malipiro osakwanira, mitengo yotsika ya mbewu za alimi, ana othithikana m'makalasi, zipatala zoperewera, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi mantha oyankhula. Mabishopu adaitanidwa ndi apolisi, kalatayo idaletsedwa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Monsinyo John Roche, amene ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu yomwe ino, adathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Kalata imene ija idabadwa mwa anthu amene adayang'ana moyo wamba nkufunsa kuti Mulungu akuti chiyani pa zimenezi. Kudekha kwa pemphero nkosiyana ndi tulo. Wodekha ndiye amaona msanga kuti ndowa njofinyidwa.

Chotsutsa chachiwiri ncholemera kuposa choyamba, ndipo sichichokera m'mabuku. Chimachokera kumanda. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adaphedwa m'dziko muno, ndipo Mzuzu ndiwo udalira maliro ambiri. Ena mwa anyamatawo agona ku Zolozolo. Mu Epulo 2016 mvula yosalekeza idagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno. Amene adaona zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene Edzi idapululira mabanja mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Mayi amene adaika ana atatu motsatizana mukamuuza kuti Mulungu ali pafupi, angathe kukuyang'anani nkufunsa kuti: "Pafupi pati?"

Funso limeneli lilibe yankho lapakamwa, ndipo amene amafulumira kuliyankha nthawi zambiri amawonjezera bala. Chikhristu sichilonjeza kuti wopemphera adzamva kutentha mumtima tsiku lililonse. Yesu mwini adafuula pamtanda ngati munthu wosiyidwa. Anthu awiri a ku Emau aja adayenda naye mtunda wonse ali achisoni osamuzindikira, mpaka pamene adamukakamiza kuti agone kwawo nkukhala naye pa chakudya. Chimene tinganene nchakuti m'zaka zoopsa zija, m'nyumba zambiri mmene achibale ena ankaopa kulowa, mudalowa amayi a mpingo ndi beseni, sopo ndi phala. Adasambitsa odwala, adachezera pamaliro, adalera amasiye. Ngati Mulungu adaoneka penapake nthawi imeneyo, adaoneka m'manja amenewo. Ndipo manjawo sakadafika pakhomopo eni ake akadakhala otanganidwa kumusaka kutali.

Pomaliza pali ngozi ina imene ili mwa ife tomwe, yodzinamiza. Nkosavuta kumata dzina la Mulungu pa chilichonse chotikomera. Wakuba naye akapulumuka amati Mulungu ngwabwino. Wolandira ziphuphu akamanga nyumba ya malata amaitana abusa kudzaidalitsa. Tsono tidziwa bwanji kuti amene tamupeza pakati pa ntchito zathu ndi Mulungu, osati chithunzithunzi cha zofuna zathu? Muyeso ulipo, ndipo suli mumtima mwa wopempherayo. Uli mwa anthu okhala naye. Kafunseni mkazi wake ngati mawu ake afewa. Kafunseni mtsikana wantchito ngati amalandira malipiro pa tsiku lake. Kafunseni wogula ngati ndowa yawongoka. Pemphero limene silisintha kanthu mwa izi, ngakhale litagwedeza denga usiku wonse, lafika kwa mwini wake yekha basi.

Kodi ndiye tileke kupita kuphiri? Iyayi. Munthu amafunika nthawi zina kuchoka paphokoso, ndipo Lamulungu ndi mgonero wa Ambuye zili ndi malo ake amene khitchini singalande. Koma tikumbuke nkhani ya ophunzira atatu amene adakwera phiri ndi Yesu nkuona ulemerero wake. Petro adafuna kumanga misasa kuti akhazikike komweko. Sadaloledwe. Adatsika, ndipo kunsi adakumana ndi bambo wothedwa nzeru ndi mwana wake wodwala khunyu. Phiri lidali lowatsegula maso kuti akathe kuona bambo ameneyu.

Choncho mwana akadzakufunsani kuti Mulungu amakhala kuti, musafulumire kuloza kumwamba kapena kuphiri. Mtengeni mmawa popita kumpopi, mupite naye kumsika wa Zigwagwa, aone mmene mumayezera, mmene mumabwezera chenje, mmene mumayankhira wokulakwirani. Madzulo mukhale naye pamphasa muliyendenso limodzi tsikulo. Yankho limene adzalitole pamenepo ndi limene adzakule nalo.